Zolemba za Ntchito ya Aminoquinoline mu Labu Yathu ku Mzuzu

Febuluwale, koyambirira

Gawo lino la ntchito lili ndi cholinga chimodzi: kupanga mamolekyu ochepa a mtundu wa 4-aminoquinoline, womwe ndi mtundu wa chloroquine ndi amodiaquine, kuwayeretsa mpaka titakhutira, kenako n'kuwatumiza kuti akayesedwe pa tizilombo ta malungo. M'gulu tilimo ine, mnzanga amene akuchita digiri yachiwiri, achimwene amene amasamala zipangizo za mu labu, ndi a Dokotala amene akutiyang'anira.

Ena amadabwa akamva kuti tabwerera ku mtundu wa chloroquine, mankhwala amene dziko lino linawasiya kalekale. Chifukwa chake chili m'mbiri yathu yomwe. Malawi ndiye anayamba mu Africa muno kuchotsa chloroquine m'zipatala, mu 1993, n'kuika SP, uja ambiri timamutchula kuti Fansidar, poti tizilombo tinali titasiya kumva. Mu 2007 SP naye analowedwa m'malo ndi LA. Koma chloroquine atasowa choncho, ofufuza ku Blantyre anaona chinthu chimene ambiri sankachiyembekezera. Tizilombo tokhala ndi kusintha kwa K76T pa jini ya pfcrt, kumene kumachititsa kuti chloroquine asagwire, tinachepa kuchoka pa 85 pa 100 alionse mu 1992 kufika pa 13 mu 2000. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2006 anapeza kuti chloroquine anachiza ana 99 pa 100 alionse ku Blantyre komweko. Apa sindikunena kuti wodwala akagule chloroquine ayi. LA ndiye mankhwala ovomerezeka, ndipo tizilombo tosamva tija tingabwerere msanga anthu atayambanso kumwa chloroquine payekha. Kwa ife opanga mamolekyu, nkhaniyi ikutiuza kuti njira imene mankhwalawa amaphera tizilombo ikadali yabwinobwino.

Njirayo ili motere. Kachilombo kakalowa m'selo lofiira la magazi kamadya hemoglobin. Pogaya pamatsala heme, amene ndi poizoni kwa iko komwe, ndiye kamamuunjika kuti akhale timiyala takuda totchedwa hemozoin. Chloroquine amadzaza m'kathumba kogayira chakudya, momwe muli asidi, n'kumatirira pa heme kuti timiyalato tisakule, ndipo kachilomboko kamafa ndi zotsalira za chakudya chake. Kosamva mankhwala sikanasinthe heme. Kanangosintha puloteni ya PfCRT, yochokera ku jini ya pfcrt ija, kuti izikankhira chloroquine kunja kwa kathumbako. Molekyu ya chloroquine ili ndi mutu, wotchedwa 7-chloroquinoline, ndi mchira wa makaboni. Funso lathu ndiye ili: mutuwo tikausiya mmene uliri, n'kusintha mchira wokha, kodi puloteniyo idzauzindikirabe? Ena anaonetsa kale kuti kufupikitsa mchira kumathandiza. Molekyu ya AQ-13, imene inafika poyesedwa pa anthu ku Mali, inapangidwa ndi ganizo limeneli. Ife tikuyesa michira ya makaboni awiri, atatu ndi anayi, kumapeto kwake n'kulumikizako magulu osiyanasiyana a benzyl, omwe ndi magulu a maatomu okhala ndi mphete ya makaboni.

Changu chilipo. Kusintha kwa jini ya kelch13, kumene kumachedwetsa mphamvu ya artemisinin, kunalengezedwa ku Rwanda mu 2020, ku Uganda mu 2021, ndipo kwapezekanso m'chigawo cha Kagera ku Tanzania. LA amadalira artemether, wochokera ku artemisinin yemweyo. Kumpoto kuno, komwe anthu ndi katundu amawoloka pa Songwe tsiku ndi tsiku, nkhaniyi sitiimva ngati ya kutali.

Febuluwale, kumapeto

4,7-dichloroquinoline, kemikolo amene atipatse mutu uja, wafika, atachedwa panjira monga achitira makemikolo onse ochokera kunja. Tisanamugwiritse ntchito tayeza pamene amasungunukira, ndipo wagwera pakati pa 81 ndi 84 °C, mogwirizana ndi mabuku. Pa TLC, kambale kopakidwa silika kamene kamalekanitsa makemikolo kukhala madontho, waonetsa dontho limodzi, chizindikiro chakuti ndi woyera.

Gawo loyamba ndi losavuta papepala. Molekyuyi ili ndi maatomu awiri a chlorine, koma wa pa malo achinayi ndiye amachoka, chifukwa nitrogen wa mu mphete amakoka maelekitironi kuchokera pamenepo, pomwe wa pa malo achisanu ndi chiwiri amakhala chikhalire. Timayeza magalamu 1.98, omwe ndi mamilimolo 10, n'kuthira diamine, kemikolo amene adzakhale mchira, wochuluka kasanu, popanda chosungunulira china. Timatenthetsa pa 80 °C kwa ola limodzi kuti zisungunuke bwino, kenako n'kukweza moto. Diamine amachulukitsidwa dala. Ali ndi mapeto awiri, ndipo akachepa, mapeto onse amagwira quinoline, n'kutuluka molekyu ya mitu iwiri, bisquinoline, imene sitikuifuna.

Pali chinthu chimene mapepala olembedwa m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja yamchere sanena. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo kuno madzi amawira pafupi ndi 96 °C. Ethylenediamine, diamine wa makaboni awiri, amene kumunsi kuja amawira pa 116 °C, kuno naye amayamba kuwira msanga. Mafuta a m'bafa angafike 130 °C, koma za m'fulasiki sizipitirira pamene amineyo akuwirira. N'chifukwa chake ya makaboni awiri yatenga nthawi yaitali kuposa imene tinawerenga, pomwe ya makaboni atatu, amene amawira pafupi ndi 140 °C, yatha bwino tsiku lomwelo. Kuyambira pano sitikudalira wotchi. Tikutenga kadontho n'kuyang'ana pa TLC mpaka dontho la dichloroquinoline litazimirira.

Malichi, sabata yoyamba ndi yachiwiri

Mvula yakhazikika, ndipo chinyezi chalowa paliponse. Timbale ta TLC tikakhala patebulo theka la tsiku timayamwa madzi, madontho n'kumathamangira pamwamba onse pamodzi. Achimwene a zipangizo anatiuza kuti, “Timbaleto muzitiika mu uvuni pa 110 °C m'mawa uliwonse, mukatulutsa mutsekere mu desiketa. Mukatisiya pamtunda muwononga tsiku.” Tatsatira, ndipo madontho ayamba kulekana.

Vuto lachiwiri ndi la mamolekyu athu enieniwo. Ndi ma amine, ndipo silika ali ndi kaasidi pang'ono, choncho m'malo mwa dontho lozungulira timaona mkwasa wautali kuchokera pansi. Tathira ammonia pang'ono m'chosakaniza cha dichloromethane ndi methanol, ndipo mkwasa wafupika. Pa nyale ya UV ya 254 nm quinoline amaoneka wakuda pa mbale yobiriwira. Tikapopera ninhydrin n'kutenthetsa, dontho la amine wathu limasanduka lofiirira modera, pomwe la dichloroquinoline silisintha. Njira ziwirizi pamodzi zikutithandiza kudziwa chiti ndi chiti.

Polekanitsa, timathira zotenthazo m'madzi ozizira okhala ndi sodium hydroxide, kenako n'kukoka ndi dichloromethane. Ya makaboni atatu ndi anayi imalekana mosavuta. Ya makaboni awiri imakonda madzi, ndipo m'fanulo yolekanitsira munapangika chinthu chotuwa ngati thobwa, chosaonetsa malire. Madzi amchere wambiri ndi kudikira ndi zimene zinathetsa. Zimene zatuluka ndi ufa wotuwa mwachikasu, ndipo pa michira yonse itatu tapeza zoposa theka la zimene masamu amalonjeza. Pa gawo ili n'zokwanira.

Magetsi anathima kawiri fulasiki ili pamoto. Tinalemba nthawi, atayaka tinapitiriza, ndipo TLC sinaonetse chachilendo.

Malichi, kumapeto

Za zinyalala ndilembe padera, poti ndi nkhani imene ndimaiona kuti siikambidwa mokwanira. Dichloromethane ndi zonse zokhala ndi chlorine tikuzisunga m'zigubu zawozawo zolembedwa bwino, osasakaniza ndi methanol kapena ethyl acetate. Palibe chimene chikupita mu sinki. Ngalande za mumzinda uno zimathera m'madambo ndi m'mitsinje monga Lunyangwa, komwe anthu amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Zosungunulira zimene zingatheke tikuzitcheza kuti tigwiritsenso ntchito, ndipo izi zachepetsanso ndalama zogulira zina.

Epulo

Gawo lachiwiri ndi kulumikiza benzyl. Tikuchita m'masitepe awiri mu fulasiki imodzi. Choyamba amine wathu ndi aldehyde, kemikolo amene amabweretsa benzyl, amakumana mu methanol n'kupanga imine, madzi n'kutuluka. Kenako timaziziritsa m'madzi oundana n'kuthira sodium borohydride pang'onopang'ono, ikuchita thovu la hydrogen, kuti imine isanduke amine wolimba. Tikudikira kuti imine ithe kupangika tisanathire borohydride, chifukwa akathiridwa msanga amasandutsa aldehyde kukhala alcohol, komanso nitrogen mmodzi angagwire ma benzyl awiri.

Popeza gawo loyambalo limatulutsa madzi, madzi ena alionse a mu methanol amalibweza m'mbuyo. Tawotcha timibulu toyamwa madzi ta 3 Å n'kutiika m'botolo la methanol usiku wonse, ndipo kusiyana kwake kwaoneka tsiku lotsatira: za m'fulasiki zinasanduka zachikasu m'kanthawi kochepa, dontho lofiirira la ninhydrin n'kuzimirira. Botolo lakale la benzaldehyde linali ndi timiyala toyera kuzungulira chitsekerero. Ameneyo ndi benzoic acid, amene amapangika mpweya ukalowa. Tinatsuka ndi sodium bicarbonate n'kutcheza tisanagwiritse ntchito. Ma aldehyde ena amene tili nawo ndi 4-chlorobenzaldehyde, anisaldehyde, vanillin ndi wina wa pyridine.

Apa mpamene tinakhala pansi kukambirana kuchuluka kwa mamolekyu. Michira itatu ndi ma aldehyde amene ali m'kabati zingatipatse mamolekyu ambiri ndithu, ndipo mnzanga ankafuna tipange onse. Anati, “A Dokotala, popeza njirayi yayenda, bwanji tingopanga onse titumize ulendo umodzi? Kutumiza n'kodula.” Iwo anayankha kuti, “Achemwali, maganizo anuwo ndi abwino, koma tikatumiza zosayera adzatiyezera chinthu chimene sitikuchidziwa, ife n'kulemba dzina lolakwika pa zotsatira.”

Ine ndili mbali ya a Dokotala, ndipo chifukwa chake si ukhondo chabe. Pa ntchito zina, kachitsotso kotsalira kamangochepetsa mphamvu ya chimene ukuyesa. Pa ntchito yathu n'zosiyana, chifukwa zitsotso zathu nazo zimapha tizilombo. Amine wa gawo loyamba ali kale ndi mutu wa chloroquine. Bisquinoline ali ndi mitu iwiri, ndipo piperaquine, mankhwala amene akugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri pamodzi ndi dihydroartemisinin, ndi wa mtundu umenewo. Mankhwala amphamvu a malungo amagwira pa mlingo wa nanomolar, kutanthauza kuti kachigawo kochepetsetsa ka chitsotso champhamvu kangachititse molekyu yofooka kuoneka ngati yabwino. Tikatero tingathe chaka chathunthu tikusintha molekyu imene sinagwirepo ntchito n'komwe. Tagwirizana kupanga khumi ndi awiri okha, ndipo iliyonse idutse pa kolamu, chubu chodzaza silika cholekanitsira zitsotso, kenako iyeretsedwenso poisungunula m'chosungunulira chotentha n'kuisiya kuti ipange timiyala.

Meyi, koyambirira

Makolamu atidyera masabata. Silika timamunyowetsa kaye ndi triethylamine pang'ono kuti amine asakakamire. Molekyu ya vanillin yavuta kuposa zonse, chifukwa ili ndi phenol mbali ina ndi amine mbali ina, ndipo imatuluka pang'onopang'ono m'machubu ambirimbiri. Zina ziwiri zakana kuuma, zangokhala ngati mafuta omata pansi pa fulasiki. Tazisandutsa mchere wa hydrochloride ndipo zapereka ufa wouma, umene ndi wosavuta kuyeza pa sikelo ndi kutumiza.

Alonda a usiku anandipeza ndikutseka mpope wa madzi a kondensa. Anafunsa, “Bwana, mankhwala a malungo aja atheka? Mdzukulu wanga wangotuluka kumene ku chipatala.” Ndinawauza kuti zimene zili m'mabotolomo si mankhwala, ndipo palibe amene angazilawe. Ndinawafotokozera kuti patsogolo pake pali kuyesa pa tizilombo ta m'mbale, pa maselo, pa nyama, kenako pa anthu, ndipo mamolekyu ochuluka amathera panjira. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, “Pitirizani, ife tikudikira.”

Chitsanzo chimene ndimachikumbukira pa nkhani imeneyi ndi cha Pulofesa Kelly Chibale, mbadwa ya ku Zambia, amene anayambitsa H3D, malo ofufuzira mankhwala atsopano, pa University of Cape Town mu 2010. Gulu lake, mogwirizana ndi Medicines for Malaria Venture, linatulutsa MMV390048, imene imatseka enzyme ya PI4K ya kachilombo, ndipo inafika poyesedwa pa anthu. Inali ntchito yaikulu yotsogoleredwa ndi asayansi a mu Africa muno. Komabe molekyuyo sinafike m'zipatala, chifukwa kuyesa pa nyama kunaonetsa chiopsezo kwa ana osabadwa. Anaimitsa, n'kupitiriza ndi mamolekyu ena. Chloroquine yemweyo, amene Hans Andersag anamupanga ku Bayer mu 1934, anakhala zaka pafupifupi khumi ataikidwa pambali poganiziridwa kuti ndi woopsa kwa anthu.

Meyi, kumapeto

Zotsatira za NMR, imene imaonetsa mmene maatomu akhalira m'molekyu, ndi za mass spectrometry, imene imayeza kulemera kwake, zabwera kuchokera ku labu ya anzathu kunja kwa dziko. Iyi ndi mbali imene ndimaiwerenga mobwerezabwereza.

Mutu wa quinoline ukuoneka bwino pa mamolekyu onse. Hydrogen wa pa malo achiwiri ali pafupi ndi 8.5 ppm, wa pa malo achitatu pafupi ndi 6.4 ppm, onse ogawika pawiri ndi mpata wofanana wa ma hertz pafupifupi asanu. Wa pa malo achitatuyo ndiye umboni wakuti nitrogen walowa pa malo achinayi, chifukwa amakankhira maelekitironi mu mphete n'kusunthira chizindikirocho kumanja. Chizindikiro cha imine cha pafupi ndi 8.3 ppm palibe, ndipo m'malo mwake pali cha CH2 wa benzyl pafupi ndi 3.8 ppm. Borohydride anagwira ntchito yake.

Pa mass, chlorine amadziulula yekha. Mwachilengedwe ali ndi mitundu iwiri, wa 35 ndi wa 37, pa mlingo wa 3 kwa 1, choncho molekyu ya chlorine mmodzi imaonetsa nsonga ziwiri zotalikirana ndi 2, yoyamba yaitali katatu. Ya ma chlorine awiri imaonetsa nsonga zitatu pa mlingo wa 9, 6 ndi 1. Amine wa makaboni awiri waonekera pa 222 ndipo wa makaboni atatu pa 236, monga tinawerengera.

Koma pa mamolekyu atatu a mchira wa makaboni atatu pali kansonga kena kakang'ono pa 397, kokhala ndi maonekedwe a 9, 6, 1. Ameneyo ndi bisquinoline wa diaminopropane, diamine wa makaboni atatu uja. Pa NMR zizindikiro zake zimabisala pansi pa za molekyu yathu poti mutu ndi womwewo, ndipo pa TLC sanaoneke chifukwa ndi wochepa komanso sasungunuka bwino. Mamolekyu atatuwo onse anachokera ku mphika umodzi wa gawo loyamba. Tawachotsa pa mndandanda wotumiza. Akanapita mmene alilimo, n'kutheka kuti akanaoneka amphamvu kuposa anzawo, ndipo tikanaganiza kuti makaboni atatu ndiye mchira wabwino.

Tabwerezanso gawo loyambalo mosintha. Diamine tamuchulukitsa kakhumi, ndipo dichloroquinoline tikumuthira pang'onopang'ono mu amine wotentha kale, kuti nthawi zonse azikumana ndi amine wambiri. Zotulukazo tazisungunula mu ethyl acetate wotentha n'kusefa zikadali zotentha, ndipo pa pepala losefera panatsala kaufa kotuwa kamene tikasunge kuti kakayesedwe pakokha. Tikufuna kudziwa mphamvu yake yeniyeni, kuti tidziwe mlingo wa chitsotso umene ungasokoneze zotsatira.

Juni, koyambirira

Kwazizira. 1,4-diaminobutane, diamine wa makaboni anayi, amene amasungunuka pa 27 °C, waundana m'botolo, ndipo kuti tithire timayamba taliviika m'madzi ofunda. Dzina lake lina ndi putrescine, ndipo ndi mmodzi mwa makemikolo amene amanunkhitsa nyama yowola, choncho botololi silitsegulidwa kunja kwa kabati yokoka mpweya. Kuzizirako kwatithandiza pena: madzi a pampopi akuziziritsa kondensa bwino, ndipo timiyala tikupangika tokha usiku popanda firiji.

Tayamba kuyesa kumene tingathe kuno, kwa beta-hematin, yemwe ndi hemozoin wopangidwa m'chubu popanda kachilombo. Timasakaniza hemin, yemwe ndi mtundu wa heme, ndi NP-40, kemikolo wonga sopo, m'madzi a acetate okhala ndi asidi wofanana ndi wa m'kathumba ka kachilombo, n'kusunga pa 37 °C. Kenako timathira pyridine, amene amagwira heme womasuka yekha osakhudza wa m'timiyala, n'kuwerenga pa 405 nm. Mtundu ukachuluka ndiye kuti molekyu yaletsa timiyala. Chloroquine ndiye muyezo wathu pa ulendo uliwonse. Makina owerengera mbale ya maenje 96 tilibe, ndiye tikuwerenga kachubu kamodzikamodzi, ntchito ya masana onse.

Mamolekyu onse asanu ndi anayi oyera aletsa timiyala, zimene sizodabwitsa popeza mutu ndi umodzi. A 4-chlorobenzyl akuoneka kuti akufanana ndi chloroquine, a pyridine ndi ofookerapo. Manambala sindiwalemba pano mpaka titabwereza mokwanira, chifukwa kusiyana kwa tsiku ndi tsiku kukadali kwakukulu. Ndiponso kuyesa kumeneku sikuyankha funso lathu lenileni. M'chubu mulibe PfCRT. Molekyu ingaletse timiyala bwino kwambiri koma n'kukankhidwira kunja ikafika m'kachilombo kosamva, kapena osafika n'komwe m'kathumbako.

Juni, kumapeto

Mamolekyu asanu ndi anayi alongedzedwa, mamiligalamu asanu iliyonse, m'timabotolo takuda tolembedwa nambala yokha popanda chithunzi cha molekyu, kuti oyesa asadziwe imene tikuiyembekezera. M'bokosi momwemo taikamo ma amine atatu a gawo loyamba ndi kaufa ka bisquinoline kaja. Tapempha kuti ayesedwe pa NF54, tizilombo tomva chloroquine, ndi pa Dd2 kapena K1, tosamva. Nambala imene tikuifuna kwambiri ndi ya kugawa mlingo wophera tosamva ndi mlingo wophera tomva. Ikayandikira 1 ndiye kuti puloteni ija sikuizindikira molekyuyo. Tapemphanso kuyesa pa maselo a nyama kuti tione ngati sakupha chilichonse chimene akumana nacho. Imene ingadutse pamenepo idzafunika kuyesedwa pa hERG, puloteni yothandiza kagundidwe ka mtima, chifukwa mankhwala a mtundu wa quinoline amadziwika kuti amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo mchira wamafuta wokhala ndi amine ngati wathuwu umawonjezera chiopsezocho.

Podikira, mu Julayi timalize atatu a makaboni atatu kuchokera ku mphika watsopano, titumize ku mass tisanachite china chilichonse, ndipo tiyeze mmene mamolekyu onse amasungunukira m'madzi a pH 7.4 ndi a pH 2. A 4-chlorobenzyl akundidetsa nkhawa pamenepa, poti pokonza madzi oyesera anayamba kuchita chifunga titangothira madzi. Silika watsala wa makolamu ochepa ndipo dichloromethane watsala botolo limodzi, choncho pempho la zogula lapita kwa a Dokotala sabata ino.